Galimoto ya Mawaya ndi Galimoto ya Utsi

Mu Disembala 2022 mlongo wanga wa ku Chikangwe, m'tauni ya Karoi, adandiimbira lamya usiku. Titatha malonje adandiuza kuti mwana wake wamwamuna, wa zaka 14, mtima wake wonse udali pa tigalimoto toyendetsedwa ndi rimoti timene anyamata ndi abambo angapo ankathamangitsa Loweruka masana pabwalo lina lafumbi kunja kwa tauniyo. Mnyamatayo adali atasunga ndalama za maganyu kwa chaka chathunthu, koma sizidakwane. "Achimwene, inu ndinu atsibweni ake, ndiponso ndinu oyenda. Muonjezerepo, mumusankhire yabwino." Ine ntchito yanga ndi yophunzitsa za zilankhulo, ndipo za injini sindinkadziwapo kanthu. Komabe ndidavomera mlongo wanga asadamalize n'kulankhula komwe. Changu chimenecho chidandidabwitsa, ndipo padapita masabata ndisadazindikire kumene chidachokera.

Tidabadwira pafamu ya fodya ya cha ku Tengwe, m'boma la Hurungwe, mtunda wa makilomita oposa 200 kuchokera ku Harare. Atate adachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, monga adachitira amuna ambiri a ku Nyasaland amene adatengedwa ndi Mthandizi kukagwira ntchito m'mafamu a ku Southern Rhodesia. M'komboni yathu mwana wamwamuna ankadziwika ndi galimoto yake ya mawaya. Waya tinkatola kumpanda wakale kapena kuzigafa, mawilo tinkapanga ndi tizitini ta polishi ya nsapato, ndipo mfundo zonse tinkamanga ndi mphira wa machubu akutha. Chiwongolero chidali waya wautali wofika m'chiuno. Anzathu achishona ankati motokari, mawu ochokera ku Chingerezi, koma ife tinkati galimoto, mawu amene makolo athu adawalandira kuchokera ku Chiswahili, m'mene gari ndi ngolo ndipo moto ndi moto womwewu. Tinkapikisana kuchokera pamjigo mpaka pamtengo wa mkuyu, ndipo amene wilo lake laguluka ankakhala pansi pomwepo n'kulikonza, popeza padalibe wina womukonzera.

Tsiku lina, ndili ndi zaka ngati 11, tidamva kulira kwachilendo kuseri kwa mpanda wa nyumba ya mwini famu. Mwana wake adali atabwera kutchuthi ndi kagalimoto kotulutsa utsi, kothamanga kokha pakapinga, iye ataima chapatali ndi kabokosi m'manja. Tidasuzumira pamipata ya mpandawo mpaka mlonda adatipirikitsa. Madzulo amenewo ndidaponya galimoto yanga ya mawaya padenga, ndipo atate atandifunsa chifukwa chake ndidangoti yandikwana. Famuyo idalandidwa m'chaka cha 2000 chitadutsa, anthu a m'komboni adabalalika, ndipo mlongo wanga adakapeza malo ku Chikangwe. Za mpanda uja ndinkaganiza kuti ndidaiwala kalekale.

Mu Januwale 2023 ndidali ku Johannesburg pa ntchito zina, ndipo ndidalowa m'sitolo yogulitsa tigalimoto totere. Wogulitsa adandilongosolera modekha kuti pali mitundu iwiri. Pali toyendera batire, timene munthu amangotchaja n'kuyamba kuyendetsa. Palinso ta injini yeniyeni, timene amati nitro. Timene amapikisana nato kwambiri pafumbi ndi tochepa kasanu ndi katatu poyerekeza ndi galimoto yeniyeni, totalika pafupifupi theka la mita, tolemera makilogalamu atatu ndi pang'ono. Injini yake ndi ya 3.5 cc, koma imazungulira maulendo oposa 30,000 pamphindi imodzi. Siyendera petulo. Imamwa methanol wosakaniza ndi nitromethane, kawirikawiri magawo 20 kapena 25 pa 100 alionse, pamodzi ndi oilo wofewetsa zitsulo. Pulagi yake siithetheka ngati ya njinga yamoto: ili ndi kawaya kokhala ndi platinum kamene amakayatsa ndi batire poliza injini, ndipo kakafiira kamapitiriza kunyeka kokha chifukwa chokhudzana ndi methanol. Thanki yake ndi ya 125 cc, ndipo imatha mphindi 10 zisadakwane.

Wogulitsayo adanena mosabisa kuti kwa woyamba kumene, ya batire ndiyo yosavuta. Ndidamuyankha kuti ku Karoi magetsi adali osadalirika. Kumapeto kwa 2022 madzi a m'nyanja ya Kariba adatsika kwambiri kotero kuti nyumba zambiri m'Zimbabwe zinkakhala mumdima pafupifupi tsiku lonse, monga zidachitikiranso mu 2019, ngakhale kuti Karoi ali pamsewu womwewo wopita ku Kariba. Iye adaseka, nati ya nitro nayonso ili ndi mabatire ake, a rimoti ndi oyatsira pulagi, ngakhale kuti ndi aang'ono oti kasola kapadenga kangawakwanitse. Adandichenjezanso kuti mafuta ake saloledwa m'ndege, ndipo sapezeka pamalo omwetsera galimoto wamba. Chilichonse chidali ndi vuto lake.

Kenaka maso anga adagwera pa galimoto ina imene idali m'kabati yagalasi, yonyezimira, ya akatswiri a mipikisano ikuluikulu, mtengo wake woposa malipiro anga a theka la mwezi. Ndidapempha kuti anditulutsire. Ndili chiigwirire, ndidadzipeza ndikuwerengera m'mutima kuti ndingathe kuigula ndikadzimana zina. Apo m'pamene ndidazindikira kuti chilowereni m'sitolomo sindidaganizepo n'kamodzi komwe za mwana wa mlongo wanga. Ndinkagulira mnyamata wa zaka 11 uja amene adapirikitsidwa pampanda. Ndidachita manyazi, ndidaibweza, ndipo ndidatuluka osagula kanthu.

Akulu adati safunsa adadya phula. Usiku umenewo ndidaimbira mnyamatayo, ndipo ndidamufunsa zimene ndidayenera kufunsa poyamba pomwe. Kodi anzake amathamangitsa zamtundu wanji? Zikathyoka amatani? Mafuta amawapeza kuti? Adandiyankha m'Chishona, monga amachitira masiku onse, akunditchula sekuru. Pafupifupi onse adali ndi za nitro za msinkhu womwe uja, zambiri zogula kwa ena. Mafuta amasonkherana, wina akapita ku Harare n'kukagula chigubu chimodzi. Pakathyoka kanthu amabwerekana kapena kusinthana. Ndidaona kuti galimoto ya m'kabati ija ikadakhala yokhayokha pabwalopo, yopanda ina yobwerekana nayo chitsulo, ndipo ikadagunda mwala kamodzi kokha ikadagona pansi pa bedi miyezi isanu ndi umodzi kudikira katundu wochokera kutali. Woyamba kumene amagunda miyala tsiku lililonse. Chofunika kwa iye ndi galimoto yolimba, yofanana ndi za anzake, imene angathe kuimasula ndi kuimanganso ndi manja ake. Liwiro limabwera pambuyo.

Ndidabwerera m'mawa mwake ndipo ndidagula Kyosho Inferno yogwirapo kale ntchito, mtundu wa ku Japan umene wakhala ukupangidwa kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 ndipo masipeya ake savuta kupeza. Ndidasankha ya injini yoliza pokoka chingwe, kuti pasafunike bokosi lolizira lodyanso magetsi. Ndalama zotsala ndidagulira mikono ya mawilo yapadera, mapulagi asanu, ndi masiponji osefera mpweya okwanira chaka.

Pa Pasaka chaka chomwecho ndidapita ku Karoi. Tidayala thumba pakhonde n'kuimasula yonse, kachitsulo kalikonse pakepake. Buku la malangizo lidali m'Chingerezi, koma ine ndidaumirira kuti tizilankhula Chichewa, ndipo apo ntchito yanga yeniyeni idapezeka. Tizitsulo tiwiri tochepetsa ndi kuonjezera mafuta tidati masingano, wina wa liwiro, wina wa poyambira. Pulagi tidaitcha khala, popeza imanyeka osalilima. Siponji tidati mphuno. Injini ikalandira mafuta ochuluka tinkati yakhuta, ikalandira ochepa tinkati ili ndi njala. Mnyamatayo poyamba ankaseka, koma mawuwo adakhazikika chifukwa ankathandiza. Injini yokhuta imatulutsa utsi wambiri, imalira mwaulesi, koma siionongeka. Injini yanjala imalira mokoma, imathamanga ngati mphezi, kenaka imatentha n'kupserera. Karoi ali pamtunda woposa mamita 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepukirapo, ndiye masingano amafuna kuwatembenuza pang'onopang'ono, munthu akumvetsera ndi khutu. Bambo wina wa pabwalo paja adatiphunzitsa kudontheza malovu pamutu pa injini: akauma nthawi yomweyo, ndiye kuti yatentha mopitirira. Adatiuzanso kuti fumbi lofiira la kumeneko ndilo mdani wamkulu, choncho mphuno iyenera kupakidwa oilo ndi kusinthidwa kawirikawiri. Mlongo wanga ndidamuuza kuti chigubu cha mafuta chizikhala chokiyiridwa, kutali ndi ana ndi mbaula, popeza methanol ndi poizoni ndipo lawi lake silioneka bwino masana.

Loweruka lotsatira adapikisana koyamba. Padali magalimoto asanu ndi awiri, ndipo iye adamaliza wachisanu ndi chimodzi. Injini idazima kawiri. Pozungulira kachitatu adagunda tayala lakale limene adaikira malire, ndipo kandodo kolumikiza chiwongolero ndi wilo kadathyoka. Kamenekako ndi kokhako kamene sindidagule kapadera. Ndidayamba kuganiza zoitanitsa ku Johannesburg, koma iye adathamangira kumpanda wa bwalolo, adapotokola kawaya, adakapinda ndi pulayala, ndipo patapita mphindi zochepa galimoto idabwerera m'bwalo ikuyenda chokhota pang'ono. Luso limenelo palibe adamuphunzitsa, ndipo ine, amene ndidaponya yanga padenga, ndidangoima n'kumayang'ana.

Pobwerera kunyumba adanyamula galimotoyo m'khwapa, malaya ake ali oilo yekhayekha. Adandifunsa ngati n'zoona zimene amayi ake adamuuza, zoti kale ndinkadziwa kupanga galimoto ya mawaya yokhala ndi masipuling'i. Ndidati n'zoona. "Atsibweni, mawa mudzandionetse," adatero m'Chichewa. M'mawa mwake tidapita kukafuna waya kuseri kwa msika, ndipo zala zanga zidatenga nthawi kuti zikumbukire mapindidwe ake.