Woyimba wa ku Enugu Amene Anasankha Kukhala Chete

Mzinda wa Enugu uli kum'mawa kwa dziko la Nigeria. Pa nkhondo yapachiweniweni ya kuyambira 1967 mpaka 1970, mzindawu ndiwo unali likulu loyamba la Biafra, dera limene linafuna kudzipatula. Nkhondo itatha, anthu a kumeneko anayambanso moyo ali manjamanja. Mumzinda womwewu ndimo William Onyeabor, yemwe anabadwa mu 1946, anayambira ntchito yake ya nyimbo.

Masiku amenewo woyimba wofuna kutchuka ankapita ku Lagos, kumene kunali makampani akuluakulu a nyimbo monga EMI ndi Decca. Kampani ndiyo inkalipira zonse, ndiponso ndiyo inkalamula nyimbo zoti zituluke ndi zoti zisatuluke. Onyeabor sanatsate njira imeneyo. Iye anakhazikitsa kampani yakeyake yotchedwa Wilfilms, namanga nyumba yojambuliramo nyimbo, kenaka fakitale yodindira mbale za galamafoni. Motero nyimbo inkabadwa m'mutu mwake, kujambulidwa m'nyumba mwake, ndi kudindidwa m'fakitale mwake, popanda wina womuuza chochita.

Chimbale chake choyamba, Crashes in Love, chinatuluka mu 1977, ndipo chachiwiri, Atomic Bomb, mu 1978. Poyamba nyimbo zake zinkadalira magitala ndi ng'oma zoyimbidwa ndi anthu. Pang'ono ndi pang'ono iye anatembenukira ku makina otchedwa synthesizer. Chida chimenechi chimaoneka ngati limba, koma chilibe zingwe kapena mapaipi. Mawu ake amapangidwa ndi mphamvu ya magetsi, ndipo woyimba amawasintha potembenuza timabatani kuti akhale aakulu, aang'ono, osalala kapena okhakhala. Makinawa anali okwera mtengo zedi ndipo ankachokera kunja. Pofika 1983, pamene ankatulutsa chimbale cha Good Name, makina ndiwo anali atatenga mbali yaikulu. Nyimbo zake zinali zazitali, zina zokwana mphindi khumi, ndipo kamvekedwe kamodzi kankabwerezedwa mpaka womvera kuiwala nthawi. Mawu ake, omwe anali m'Chingerezi, ankadzudzula nkhondo ndi kudzikuza kwa mayiko amphamvu, ndiponso ankalangiza za mbiri yabwino.

Mu 1985 anatulutsa Anything You Sow, ndipo chimenecho chinali chimbale chake chomaliza. Onyeabor anadzipereka ku Chikhristu, naika mtima pa malonda ake, kuphatikizapo chigayo chachikulu cha ufa. Za nyimbo zake zakale sanafunenso kulankhula. Apa ndi pamene ufulu wake unaonekera poyera. Woyimba womangidwa ndi pangano la kampani sangaleke pamene wafunira, pakuti amakhala ndi ngongole ya zimbale zimene analonjeza. Onyeabor analibe mwini. Monga momwe anayambira osapempha chilolezo, analekanso osatsazika.

Komabe ufuluwo unali ndi mtengo wake. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Popeza zonse zinali m'manja mwa munthu mmodzi, iye atatseka chitseko panalibe wina wodindanso mbalezo kapena wosunga mbiri ya momwe zinajambulidwira. Zotsala zinamwazikana m'misika ndi m'nyumba za anthu, zikuchita fumbi. Anazipulumutsa ndi alendo, anthu osonkhanitsa mbale zakale, amene anazigula ndi kupita nazo ku Ulaya ndi ku America. Kumeneko oyimba achinyamata anadabwa kumva kuti nyimbo zonga zawo zinali zitayimbidwa kale ku Enugu.

Kampani ya Luaka Bop ya ku New York, imene anaiyambitsa David Byrne, inakhala zaka zingapo ikumupempha kuti alole nyimbozo zitulukenso. Potsiriza anavomera, ndipo mu 2013 kunatuluka chimbale cha Who Is William Onyeabor? Dzina lenilenilo linali funso, pakuti ngakhale ochitulutsa sankamudziwa bwino munthuyo. Mu 2014 kunapangidwa filimu yofufuza za moyo wake yotchedwa Fantastic Man, ndipo oyimba otchuka anayimba nyimbo zake pamaso pa makamu ku London ndi ku New York. Mwini nyimbo sanapiteko. Anakhalabe kwawo ku Enugu, kumene anamwalira pa 16 Januwale 2017 ali ndi zaka 70.

Wachinyamata wa lero angathe kupeka nyimbo pa kompyuta m'chipinda chake, osagwadira kampani iliyonse. Zimene Onyeabor anamangira fakitale, iye angazichite ndi chida chonyamula m'manja. Koma vuto limene Onyeabor anasiya likadalipo. Kudziimira pawekha kumakupatsa mphamvu yoyamba ndi yoleka, koma sikukusungira ntchito yako. Nyimbo za ku Enugu zinapekedwa ndi munthu mmodzi, ndipo kuti zimvekenso panafunika manja a anthu ambiri amene iye sanawadziwe n'komwe.