Liwiro Analiika Pakati, Nanga Maso a Dalaivala Ayang'ane Kuti?

 Uthenga wa lero ndi wautali, ndiye amene muli pa thandala yambani mwatembenuza kaye usipa. Nkhani yake ndi ya magalimoto oyendera magetsi, makamaka malo amene opanga ake akuika sikirini yoonetsa liwiro. Ndikudziwa wina anena kuti, "Aise, ife ndi njinga ya kabaza yomwe tilibe, za Tesla zikutikhudza pati?" Dekhani, ndifikako.

Ambirife tinakula tikuona mawotchi a galimoto ali kuseri kwa chiwongolero. Dalaivala amangotsitsa maso pang'ono, waona liwiro, waona mafuta, maso abwerera pa msewu. Mu 2017 kampani ya Tesla ya ku America inatulutsa Model 3, ndipo kuseri kwa chiwongolero sanaikeko kalikonse. Zonse anaziunjika pa sikirini imodzi ya mainchesi 15, pakatikati pa dashibodi, ngati TV yaing'ono. Liwiro lili pakona ya sikiriniyo, batire pompo, mapu pompo, ngakhale kutsegula kabokosi ka kutsogolo kwa pasinjala ndi pompo. Mu 2023 a Volvo nawo anachita chimodzimodzi ndi EX30. Msuweni wanga amene amatsuka magalimoto ku Cape Town ananditumizira kanema ali m'kati mwa EX30 yo, akuyamikira kuti m'mayera ngati m'chipinda cha hotela. Nditamufunsa kuti liwiro ukuliona pati, anachita kutembenuzira foni kumanzere. Pomwepo mtima wanga unakana.

Chifukwa chimene makampani amachitira zimenezi sichobisika: ndalama. Sikirini imodzi imalowa m'malo mwa mabatani ambirimbiri ndi mawaya ake. Ikakhala pakati, imagwira ntchito chimodzimodzi kaya chiwongolero chili kumanja ngati kwathu kuno, kaya chili kumanzere ngati ku America. Komanso akafuna kusintha kenakake amangotumiza pulogalamu yatsopano pa intaneti. Kwa wopanga ndi phindu lokhalokha. Vuto limatsalira maso a woyendetsa.

Kuti muone chinthu chimene chili pa sikirini ya pakati, diso limagwira ntchito zitatu. Yoyamba, lichoke pa msewu n'kupita pambali ndi pansi. Yachiwiri, lisinthe kuchoka pa kuona kutali n'kuyamba kuona chapafupi, pamtunda wa mkono umodzi basi. Yachitatu, ngati ndi usiku, lizolowere kuwala kenako libwererenso mu mdima. Mukamaliza, zonsezo zichitikenso mobwerera.

Ntchito yachiwiriyo ndimaiona pa bambo anga. Mdala ameneyu wakhala siginala zaka zambiri. Mwera ukamabwera amauona pa madzi alovi onse asanauzindikire, ndipo bwato likakhala kutali ngati kadontho amakuuzani kuti ndi la uje. Koma ikalowa meseji ya ndalama pa foni, amaitambasulira kutali mpaka mkono kutha, kenako n'kuitana, "Iwe, tabwera undiwerengere." Si matenda ayi. M'kati mwa diso muli kagalasi kofewa kamene kamasintha kaumbidwe kake kuti tione chapafupi. Munthu akadutsa zaka 40 kagalasiko kamayamba kuuma, ndiye kusintha kuchoka kutali kubwera pafupi kumachedwa, ndipo tizilembo tating'ono timaoneka mwa chimbuuzi. Tsono taganizirani: madalaivala amene timawadalira kwambiri pa minibasi ndi pa malole a nsomba, amene amadziwa dzenje lililonse pakati pa Salima ndi Nkhotakota, ambiri ndi a msinkhu womwewo. Kutali amaona bwinobwino. Sikirini yodzaza tizilembo ndi imene ingawagwetse. Ngakhale amene amavala magalasi ophatikiza, oonera kutali kumwamba ndi owerengera m'munsi, amafunika kutembenuza mutu wonse kuti chinthu cha pambali chioneke bwino.

Ntchito yachitatuyo aliyense wopita ku kauni amaidziwa. Yang'anitsitsani nyali za siginala kenako muyang'ane pa madzi: kwa kanthawi simuona kanthu, mwathobwa. Diso limatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowere mdima kotheratu, koma kuwala kwamphamvu kumasokoneza zimenezo nthawi yomweyo. N'chifukwa chake bambo amakalipa wina akayatsa tochi ya foni m'boti pamene tikufunafuna doko usiku. Ku Ulaya misewu ya m'tauni ili ndi magetsi. Msewu wathu wa M5 usiku ndi mdima wa ndiweyani, ndipo m'mphepete mwake muli wanjinga wopanda nyali, mayi wasenza dengu la utaka, mbuzi zagona pa tara chifukwa pakufunda. Sikirini yaikulu yowala pambali pa nkhope ya dalaivala ikumubera maso amene akanaonera anthu amenewa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Galimoto ikamathamanga makilomita 80 pa ola, pa sekondi imodzi imayenda mamita 22. Maso akachoka pa msewu masekondi awiri okha, mwayenda mamita 44 musakuona kutsogolo, pafupifupi theka la bwalo la mpira. N'chifukwa chake bungwe loona za chitetezo cha pa msewu ku America, la NHTSA, mu 2013 linalangiza opanga magalimoto kuti chilichonse chochitika pa sikirini chisamafune kuyang'ana kopitirira masekondi awiri nthawi imodzi, ndipo ntchito yonse isapitirire masekondi 12.

Mu 2022 magazini ya ku Sweden yotchedwa Vi Bilägare inayesa zimenezi. Anapatsa madalaivala ntchito zing'onozing'ono monga kusintha siteshoni ya wailesi ndi kusintha kutentha kwa m'galimoto, akuthamanga makilomita 110 pa ola. Mu Volvo V70 yakale ya 2005, ya mabatani okhaokha, dalaivala anamaliza m'masekondi 10. Mu galimoto yamagetsi ya MG Marvel R, ya sikirini yaikulu, zinamutengera masekondi oposa 40, galimoto itayenda mtunda woposa kilomita imodzi. Nkhalamba inapambana anyamata. Chifukwa chake n'chosavuta: batani dzanja limalipeza lokha, monga momwe mumapezera chingwe cholizira injini ya boti mu mdima. Sikirini ndi galasi losalala, chala sichimva kanthu, ndiye maso ayenera kuchiperekeza. Kwa ife a chiwongolero cha kumanja palinso china: dzanja lopita pa sikirini ndi lamanzere, pamene ambiri timagwiritsa ntchito lamanja.

Ku Germany nkhaniyi inafika mpaka kukhoti. Dalaivala wa Tesla anachoka mu msewu kukugwa mvula, akufuna kusintha liwiro la mawaipa pa sikirini. Mu 2020 khoti la ku Karlsruhe linagamula kuti analakwa mofanana ndi munthu woseweretsa foni akuyendetsa, ndipo analipitsidwa chindapusa n'kuletsedwa kuyendetsa mwezi umodzi. Bungwe la Euro NCAP, limene limayesa magalimoto ku Ulaya n'kuwapatsa nyenyezi za chitetezo, linalengeza kuti kuyambira 2026 lizichotsera mapointi galimoto imene ilibe mabatani enieni a zinthu zisanu: maindiketa, mahazadi, hutala, mawaipa ndi batani loitanira thandizo pa ngozi. A Volkswagen nawo ananena poyera kuti akubwezeretsa mabatani. Eni ake aona kuti anapitirira muyeso.

Pano wina anditsutsa: "Nanga Sienta imene timakwera tsiku ndi tsiku pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay, si mawotchi ake ali pakati?" Zoona, Sienta yakale ija ndi Vitz yoyamba mawotchi ake ali pakati. Koma mukakwera mawa muonetsetse. A Toyota anawaika pamwamba ndi patali, kufupi ndi galasi lakutsogolo, kuti diso lisatsike kwambiri komanso lisavutike kusintha kuchoka kutali. Ndipo mawotchiwo ntchito yake ndi kuonedwa basi. Mawaipa, fani ndi wailesi zili ndi zogwira zake. Choncho funso lenileni ndi loti sikirini ili patali bwanji ndi diso, ili m'munsi bwanji, ndipo aisenzetsa ntchito zingati. Eni ma Tesla ambiri amati amazolowera m'masiku ochepa, ndipo sindikuwatsutsa. Koma kuzolowera kumangokuphunzitsani poyang'ana, sikufewetsa kagalasi ka m'diso la munthu wa zaka 55.

Njira zabwino zilipo kale. Nissan Leaf yoyamba ya 2010, yamagetsinso, inaika liwiro pamwamba pa chiwongolero, moyang'anizana ndi dalaivala. Magalimoto ena amaonetsa liwiro pa galasi lakutsogolo lenilenilo, manambala n'kumaoneka ngati akuyandama kutsogolo kwa boneti, luso limene linayamba kuikidwa m'magalimoto mu 1988. Magetsi ndi sikirini ya pakati si mapasa ayi.

Tsono zikutikhudza pati? Magalimoto athu ambiri amabwera atagwira kale ntchito kunja, kudzera pa Dar es Salaam, Beira kapena Durban. Chimene chili chatsopano kumeneko lero, mawa chidzakhala pa siteji ya Dwangwa chikuitanira anthu. Chidzafika chitakalamba. Mu 2021 a Tesla anaitanitsa magalimoto pafupifupi 135,000 a Model S ndi Model X chifukwa kachipangizo kosunga zinthu m'sikirini kankatha mphamvu patapita zaka zingapo, sikirini n'kuzima. Kumeneko anakawakonzera. Nanga kuno, galimoto imene liwiro lake lili pa sikirini yokhayo ikazima pa dzuwa la Okutobala ku Nkhotakota, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango adzaitani? Tonse tikudziwa chimene chidzachitike: idzapitiriza kunyamula anthu choncho.

Musandimve molakwa, ine galimoto yamagetsi ndikuifuna. Tatopa ndi kugona pa mizere ya mafuta, ndipo magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amachokera m'madzi a nyanja yathu yomweyi akamatsika mu Shire. Kuyendera mphamvu ya madzi athu n'chinthu chonyaditsa. Kungoti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye amene mwayi udzakugwereni wogula, khalani kaye pa mpando wa dalaivala, muvale magalasi anu ngati mumavala, muyang'ane kutali kenako muwerenge liwiro. Ngati mwachita kutembenuza mutu kapena kutsinzinira, ganizani kawiri. Funsani kuti mawaipa ndi mahazadi ali pati. Amene muli kale pa msewu, ngakhale ndi tisikirini ta Android timene mukumangirira m'ma Sienta, chepetsani kuwala usiku, konzani nyimbo ndi mapu musananyamuke, zotsalazo asinthe kondakitala. Ngati mwadutsa zaka 40 kayezetseni maso ku chipatala cha boma kapena ku Nkhoma, ndipo magalasi owerengera ogula pa msika musamayendetse nawo, amasokoneza kuona kutali.

Tumizani uthengawu kwa dalaivala mmodzi amene mumamudziwa, makamaka amene amanyamula amayi athu ndi nsomba m'bandakucha.

Ndatha ine wanu, mwana wa msodzi.