Malonda a Galimoto Safuna Phuma

Aliyense amene amayenda mumsewu wa Liwonde ndi Mangochi kapena wa Salima ndi Nkhotakota waona momwe ma Sienta ndi ma Probox achulukira. Zambiri mwa galimotozi zidagwirapo kale ntchito ku Japan, zidatsikira padoko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno kudzera pa Songwe. Kale munthu wosunga ndalama mwakhama ankatha kuitanitsa yekha galimoto yotere. Koma kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri a ife njira imeneyo idatitalikira. Yomwe idatsala ndi yogula kwa mnzathu yemwe waiyendetsa kale m'misewu yathu yomweyi, ndipo pamenepa ndi pomwe pagona nkhani.

Ife pabanja pathu tidasunga kwa zaka zinayi. Malipiro a mphunzitsi wa madrasa mukuwadziwa, sitichita kuwafotokoza. Gawo lalikulu lidachokera ku geni ya usipa ya mayi a kunyumba ndi ku chipereganyu chawo, popeza ngongole yachiwongoladzanja tidagwirizana kuti isalowe m'nyumba mwathu. Sitidafune galimoto yodzionetsera. Apongozi athu amadwaladwala, ndipo kusaka galimoto yahayala pakati pa usiku wodwala akubuula ndi chinthu chomwe sitifunira munthu aliyense. Choncho ndalama imeneyi ikadapita pachitsulo chakufa, sikadabweranso.

Tidapempha alamu athu, omwe ndi amakaniko, kuti ayende nafe. Lamulo lawo lidali limodzi: galimoto tikaione m'mawa, tikangochoka ku Swala ya Fajr, injini isanalizidwe. Amati injini yozizira siinama.

Yoyamba idali Sienta yonyezimira ngati yotuluka m'sitolo. Titafika, alamu adaika dzanja paboneti ndi kutiyang'ana: idali yofunda. Mwini wake adati amangoisuntha kuti asese pabwalo. Mwina n'zoona, koma injini yovuta kulira m'mawa kapena yotulutsa utsi poyamba imabisika ikatenthetsedwa. Alamu sadatsutse. Adatsegula kumbuyo, adachotsa tayala la sipeya, ndipo pansi pake padali matope ouma. Adakweza kapeti kumapazi a woyendetsa, namonso matope, ndi dzimbiri pa mabawuti a mipando. Adakoka lamba wapampando mpaka kumapeto, ndipo padaoneka mzere wa madzi akuda. Galimoto imeneyi idamirapo. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, wogula aliyense kuchigawo cha kummwera ayenera kumaganizira zimenezi, chifukwa madzi akalowa m'mawaya, vuto limayamba kuoneka patapita miyezi: lero magetsi, mawa mawindo, mkuja galimoto yangozima panjira. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tidathokoza mwini wake mwaulemu ndi kutsazika.

Yachiwiri sitidataye nayo nthawi. Dzina la pamapepala silidali la wogulitsayo, ndipo mwini dzinalo akuti adali ku Joni. Tidasiya pomwepo.

Yachitatu idali Probox yoyera, yokalamba pang'ono, ya bambo wina wopuma pantchito. Iwo adatilandira pakhonde ndi tiyi, ndipo tisanafunse kanthu adayamba okha: "Amwalimu, ndikuuzenitu. Mashoko akumbuyo atha, chitseko chakumanzere chidagundidwapo ndi ngolo, ndipo eyakoni sigwira. Zinazo muone nokha." Mawu amenewa adatikhazika mtima pansi kuposa utoto wonyezimira uja, komabe alamu sadaleke ntchito yawo, ndipo adachita bwino. Munthu woona mtima amanena zomwe akudziwa, koma galimoto imakhala ndi matenda omwe ngakhale mwini wake sawadziwa.

Apa tifotokoze mwatsatanetsatane zomwe tidaona alamu akuchita, chifukwa zambiri mwa izo sizifuna sukulu. Injini isanalire adatsegula chotsekera oilo ndi kuyang'ana kunsi kwake. Pakakhala zoyera ngati chambiko, ndiye kuti madzi akusakanikirana ndi oilo, ndipo nthawi zambiri gasiketi ndiyo yapsa. Kwathu kuno kunyanja, komwe dzuwa la Okutobala limaphika injini, matenda amenewa si achilendo. Adaona madzi a m'ladiyeta ngati ali oyera kapena adzimbiri. Kenaka adatiuza tiimirire kumbuyo pomwe iwo ankaliza injini. Utsi wobiriwira ngati mtambo umasonyeza kuti injini ikudya oilo. Wakuda ndi mafuta omwe sakupsa bwino. Woyera wosatha, ngakhale injini itatentha, ndi madzi. Probox ija idangotulutsa kanthunzi pang'ono ndi kuleka.

Manambala a makilomita alamu sawakhulupirira konse, poti amabwezedwa m'mbuyo. Iwo amayang'ana mphira wa pabuleki, chiwongolero ndi mpando wa woyendetsa. Galimoto yomwe ikuti yayenda pang'ono koma mphira wake udasalala ngati sopo wotha, ikunama. Pamatayala adationetsa manambala anayi omwe amalembedwa m'mbali: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chomwe tayalalo lidapangidwa. Lolembedwa 3518 ndi la sabata ya 35 m'chaka cha 2018. Tayala likhoza kukhala ndi mano koma lili lokalamba, ndipo pa phula wotentha limaphulika. Awiri mwa matayala a Probox ija adali otero. Adayendetsanso kamaginito m'zitseko. Pomwe padamatidwa phala lokonzera ngozi, maginito sagwira. Padapezeka pachitseko chokha chomwe bambo aja adanena.

Chinthu chomwe ambiri amachinyozera ndi nambala ya chasisi. Tidaiwerenga pagalimoto, chilembo ndi chilembo, wina akuwerenga wina akutsatira pamapepala. Tidaonanso tsiku lothera inshuwalansi ndi COF, komanso kuti dzina la pamapepala ndi lomwe lili pachiphaso chaunzika cha bambowo.

Poyesa galimoto sitidazungulire pamsika ayi. Tidathira mafuta athu ndi kulowera msewu wa ku Namwera, tili anthu anayi. Chitunda chimenecho chimaulula zonse: ngati giya ikuterera, ngati injini ikutentha, ndipo potsika, ngati mabuleki akukokera mbali imodzi. Wayilesi idali yotseka kuti timve phokoso lililonse. Kumbuyo kunkagogoda m'mabampu monga momwe adanenera, koma muvi wa kutentha sudasunthe pakati.

Tsono kunenerera. Pano tili ndi mawu kwa ogula anzathu. Timakonda kudandaula za ogulitsa obisa zilema, ndipo n'zoona kuti malamulo a malonda m'Chisilamu amamukakamiza wogulitsa kuulula chilema, ndiponso amampatsa wogula ufulu wobweza katundu ngati chilema chidabisidwa. Koma wogula nayenso amanama. Kunyoza galimoto yabwino, kunamizira kuti injini yatha pomwe ukudziwa kuti ili bwino, kapena kupezerapo mwayi poti wamva kuti mwini wake ali ndi wodwala m'chipatala, kumeneko si kuchenjera. Ife tidalemba papepala mtengo wa mashoko awiri ndi matayala awiri monga momwe alamu adafunsira kusitolo, ndi kunena kuti: "Bambo, galimoto taikonda, koma izi tikakonza ndi ndalama yomweyi. Tichotsereniko." Za eyakoni sitidatchule, poti tidalibe cholinga choikonza. Iwo adaseka, adati matayala akadayendabe. Tidakhala chete. Mayi a kunyumba, omwe amanenerera usipa padoko tsiku ndi tsiku, adali atatilangiza kuti ukatchula mtengo wako usawonjezere mawu, umusiye mnzako aganize. Adachotsa za mashoko zonse ndi theka la za matayala. Tidapempha tsiku limodzi loti tikakambirane kunyumba, ndipo adalola popanda kutiopseza kuti kukubwera wina ndi ndalama m'manja. Wogulitsa amene amakana ngakhale usiku umodzi, kawirikawiri pali chomwe akuthamangitsa.

Ndalama sitidanyamule m'chikwama. Tidatumiza kudzera kubanki kuti pakhale umboni, ndipo gawo lina tidagwirizana kuti tidzapereka dzina likasinthidwa ku Road Traffic, komwe tidapitira limodzi. Popeza gawo lotsalalo lidali ngongole, tidalemba kalata ya mgwirizano: nambala ya galimoto, nambala ya chasisi, mtengo, zomwe zaperekedwa, zotsala, tsiku lomaliza, ndi zilema zitatu zija. Mboni ziwiri zidasayina. Bambo aja adadabwa pang'ono kuti bwanji kulemberana ngati sitikhulupirirana. Tidawakumbutsa kuti ayah yaitali kuposa zonse mu Qur'an, ya 282 mu Surat Al-Baqarah, ikukamba za kulemba ngongole ndi kuika mboni, ndipo kalata imateteza ana a onse awiri ngati mmodzi wa ife ataitanidwa mawa. Adatenga cholembera.

Osagula galimoto ndi ndalama zonse zomwe muli nazo. Mwezi woyamba womwewo tidagula mashoko, matayala, oilo ndi zosefera, tidalipira inshuwalansi ndi kusintha dzina, ndipo zonsezi zidadya kangachepe komwe tidasiya padera mpaka kutha. Eyakoni mpaka lero sigwira, timatsitsa mawindo.