Kuseri kwa khoma la damu

Mlendo aliyense akafika pa damu ili, m'kachigwa kena pa famu ya munthu ku Thyolo, maso ake amathamangira kumadzi. Mpomveka. Kakowa amakhala ali chiriri m'mphepete mwa bango, nantchengwa akupalasa matope ndi phazi kusaka achule, ndipo pamchenga pamaoneka mapazi a mbawala zimene zinamwa usiku. Mwiniwake analimanga kuti nyama ndi mbalame zipeze pomwera m'chilimwe. Koma bambo amene amalisamala sanandilole kuyambira kumeneko.

"Tiyeni kaye kuseri, achimwene," anatero. "Kumadziko tionako pambuyo."

Khomalo ndi la dothi lokhalokha, katondo wotsendera, msinkhu wake ngati mamita 5. Pamwamba pake ngolo ingadutse. Mbali zonse ndi kapinga womweta bwino, ndipo palibe mtengo ngakhale umodzi. Ndinafunsa chifukwa chake, poti pafamu ponse mbawa ndi katope zili mbwee. Anandiuza kuti muzu wa mtengo umalondola chinyontho mpaka kuboola khoma, ndipo mtengowo ukafa, muzu umaola nkusiya mphako yoti madzi adutsemo. Nchifukwa chake kamtengo kakangomera amakazula kadakali kanthete. Udzu amaumweta kuti ming'alu, una wa mfuko ndi kachulu ka chiswe zisabisale.

Titatsikira kutsinde kwa khoma, nsapato zinayamba kumira. Pakati pa udzu panali kamtsinje kakang'ono ngati chala, kotuluka pansi. Mtima unandigunda, koma bamboyo sanatekeseke. Anatulutsa botolo lagalasi m'thumba, natunga madziwo, nalikweza kudzuwa. Anali oyera mbee, pansi pa botolo popanda nkamchenga komwe.

"Damu la dothi limachita thukuta ndithu," anatero. "Madzi akamatuluka oyera chonchi, komanso osachuluka, ndimagona tulo. Tsiku limene adzatuluke ofiira, ndiye kuti akudya khoma m'kati."

Apa mpamene pali nkhani yonse. Madzi akayamba kunyamula dothi, kanjira kawo kamakula, kakakula amathamanga kwambiri, akathamanga amakokolola lochuluka, mpaka pamwamba pa khoma pamatitimira. Kunja kumakhala kukuoneka bwinobwino. Bamboyo anakumba kadzenje pamene madziwo amasonkhana, ndipo amatchera ndowa nkuona nthawi imene yatenga kuti idzadze. Amalemba m'kope la mwana wasukulu, lomwe masamba ake anapindika ndi chinyezi. Ndinaliona kopelo ndipo ndinaliyamikira kuposa chilichonse pamalopo.

Kuchoka apo tinakwera kudzanja lamanja, kumene kuli ngalande yotayira madzi damu likasefukira. Anaikumba panthaka yolimba ya m'mbali mwa phiri, osati pakhoma lenileni, ndipo pakamwa pake mpotsika kuposa pamwamba pa khoma ndi mita imodzi kapena kupitirirapo. M'mbali mwake anadzala vetiva, pansi anayala miyala. Eni madamu ambiri amalakwitsa pomwepa. Poona kuti makumba ndi milamba zikuthawa ndi madzi, amatchinga ngalande ndi waya wa sefa, ena amaunjikapo matumba a mchenga kuti asunge madzi ambiri. Mvula yamphamvu ikagwa, zinyalala ndi nthambi zimatseka wayayo, madzi nkukwera pakhoma. Khoma la dothi silipirira kudumphidwa ndi madzi, limang'ambika msanga. Kutaya nsomba zingapo nkwabwino kusiyana ndi zimenezo.

Anthu a chigawo chakummwera sasowa wowafotokozera mphamvu ya madzi. Akuluakulu amakumbukirabe Napolo wa ku Phalombe mu 1991, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa mvula masiku otsatizana nkupha anthu mazanamazana. Bamboyo anandilozera pamene madzi anafika nthawi ya Freddy, ndipo anati chinapulumutsa khomalo ndi ngalande yosatsekeka komanso mpopi wa paipi yapansi, umene amautsegula ndi kuutseka kawirikawiri kuti usachite dzimbiri.

Kenaka tinafika kumadzi. Mbali ina gombe analisalaza kuti likhale lotsetsereka pang'onopang'ono, kuti nyama ikatsika kukamwa ithe kubwerera, ndipo bango analisiya kuti mbalame ziikire mazira. Namasupuni salola nkamodzi komwe. Akangooneka amamuvuula nkumuyanika kumtunda, chifukwa akafalikira amaphimba madzi onse, nsomba nkubanika. Pamwala wina panali zitosi za katumbu, zodzaza ndi zikamba za nkhanu, ndipo ng'azi inadzigwetsera m'madzi kuti phava itatimva. Ng'ona mulibe, koma akuti ikadzalowa, odzaitanidwa ndi a nthambi yoona za nyama zakutchire.

Pamtengo wozika pafupi ndi khoma pamangidwa chigubu cha malita 20, chopanda kanthu, chotseka bwino, ndi chingwe chachitali chokulunga. Nchoponyera munthu akamamira. Ana a m'midzi yapafupi amazemba kudzasambira dzuwa likaswa mtengo, ndipo chikwangwani sichiwaletsa. Matope a kukhoma ngoterera, ndipo pamenepo mpamene pali pakuya. Bamboyo anatola nkhono yaing'ono pansi pa tsamba nandionetsa pachikhatho. Zina mwa nkhono zoterezi ndi zimene zimasunga tizilombo ta likodzo, choncho mwana angapulumuke kumira koma nkupita kwawo ndi matenda.

Chimene sichinandikhutiritse chili kumunsi. Ukaima pakhoma umaona madimba a mpiru ndi tomato motsatira mtsinje, ndi nyumba zingapo zofolera ndi malata zomangidwa m'chigwa momwemo. Lamulo la za madzi la 2013 limafuna kuti wotchinga mtsinje akhale ndi chilolezo cha bungwe la National Water Resources Authority, koma pepala silidzutsa munthu pakati pa usiku. Ndinafunsa ngati anthuwo amadziwa kothawira botolo lija litadzaonetsa madzi ofiira. Anati ali ndi nambala ya foni ya amfumu, basi. Ine ndikuona kuti mwini damu ayenera kutsika yekha mvula isanayambe, akhale pansi ndi amfumu ndi eni nyumbazo, agwirizane za belu kapena wenzulo yochenjezera, ndi chitunda chimene aliyense adzathamangireko.