Kuvinira Chinthu Chosungunuka

Anzanga a m'bwalo lino, ndiyambe ndakuchenjezani kuti chinthu chimene ndikufuna kusimbachi chilibe dzina lokhazikika m'chinenero chathu. Amene anamasulira Buku Lopatulika atakumana nacho anachitcha matalala, koma matalala tonse timawadziwa: amagwa mwaukali, amaboola masamba a fodya, ndipo pakapita kamphindi asungunuka. Ena amati chipale chofewa, ena amati chisanu. Abasotho, amene amakhala nacho chaka ndi chaka, amangoti lehloa, liwu limodzi basi. Ine ndizingoti chipale, ndipo amene akuganiza za phale lokazingira chimanga andikhululukire.

Ndinachiona kumapeto kwa Ogasiti 2024, pa tchuthi. A malume anga amayendetsa minibasi ya alendo ku Johannesburg, ndipo sabata imeneyo anapatsidwa achinyamata 12 oti akawasiye ku Afriski, m'mapiri a Maloti ku Lesotho, kumene kunali chikondwerero chotsekera nyengo ya masewera a pa chipale. "Mphwanga, tiye uzikandinyamulira zikwama, mwina mabuku akowo angakutsikeko m'mutu," anatero. Tinalowa pa chipata cha Caledonspoort, n'kudutsa Butha-Buthe, kenaka n'kuyamba kukwera msewu wa Moteng umene umapindika ngati njoka yomenyedwa pamsana. Malowo ali pamwamba kuposa mamita 3,000. Kwathu Sapitwa ndi mamita 3,002, ndipo timamutchula monong'ona kuti n'kwa mizimu; kuno pa msinkhu womwewo pali poimika galimoto, malo odyera ndi bala. Mizimu yake sindinaione, koma mpweya unandichepera nditangonyamula zikwama ziwiri.

Pa makalendala timaona mapiri oyera mbee kuchokera kumwamba mpaka kunsi. Maloti amene ndinawaona anali ofiirira, a udzu wouma, opanda ndi mtengo womwe, ndipo pakati pa kufiirako panatsika mzere umodzi woyera, wotalika ngati kilomita imodzi, wonga nsalu yoyanikidwa pathanthwe. Chipale chimagwa ndithu ku Lesotho, koma sichipangana ndi munthu tsiku, kotero kuti chambiri cha pa mzerewo n'chopanga. M'mbali mwake muli makina okamwa ngati migolo. Usiku, kuzizira kukatsika kupitirira pamene madzi amaundana, makinawo amapopera m'mwamba madzi osanduka nkhungu, ndipo timadontho timeneti timauma tisanafike pansi. M'mawa chigalimoto cha mapazi onga a kasinja chimasalaza muluwo. Ndiye kuti nyengo yonse, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, yatsamira pa zinthu zitatu: madzi, magetsi ndi usiku wozizira. Malowa anatsegulidwa mu 2002. Anzake a Tiffindell ku Eastern Cape, amene anayamba mu 1993, anatseka mu 2020, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene alendo athu anapiririra ulendo wa maola asanu.

Masewerawo ndi a mitundu iwiri. A ski amamanga thabwa lalitali ku phazi lililonse, n'kugwira ndodo ziwiri. A snowboard amamanga mapazi onse pa thabwa limodzi lotakata n'kumatsika cham'mbali, ngati nkhanu. Pokwera sayenda ayi: pali chingwe chimene chimawakoka ali chiimire. Magulu awiriwa amanyozana pang'ono, monga amachitira a sayansi ndi ife a zolembalemba, koma madzulo amamwera pamodzi.

Tsiku lotsekeralo ulemu unatha. Wina anatsika atavala ngati ng'ona, wina diresi laukwati, wina kabudula yekha pamene ine ndinali ndi majuzi atatu. Anaunjika chipale ngati ziulu kuti azilumphirapo, ndipo mnyamata akauluka n'kutembenuka m'malere, thabwa lili kumwamba mutu uli pansi, khamu lonse linkakuwa. Akagwa chagada linkakuwa koposa. Dzuwa litakwera chipalecho chinayamba kulowa madzi, chikuoneka ngati phala la mpunga, ndipo m'mphepete munatuluka matope ndi udzu. Palibe anadandaula. Zoimbira zinkagunda mpaka phiri kuyankha. Ndinapempha kuti nane ndiyese thabwa, koma a malume anakana: "Ukathyoka mwendo, mlongo wanga ndikamuuza chiyani?" Anandilola kutsetsereka pa chubu, pamodzi ndi ana.

Chimene chinandigwira mtima si kulumphako. Kwathu timavina tikakolola. Mowa wa masika umafululidwa nkhokwe zitadzaza, ndipo ng'oma imalira chifukwa chinthu chalowa m'mudzi. Anthu awa ankavina chifukwa chinthu chikuchoka. Sanakolole kanthu, sananyamule kanthu. Chimene anachilipirira ndalama zambiri chinali kusungunuka pansi pa mapazi awo, iwo akuseka. Poyang'ana ndinaona kuti chikondwererochi chili pafupi ndi sadaka kusiyana ndi masika: kutsanzikana ndi chinthu mwaphokoso kuti chisoni chisapeze pokhala. Wina angati ndikukuza nkhani ya anthu oledzera ovala ngati ng'ona. Mwina. Koma ndinaona mtsikana wina atatsika komaliza, atamasula thabwa lake, n'kukhala pansi pa chipale chonyowacho nthawi yaitali osalankhula ndi munthu.

Tsono kuseri kwa mpanda, pa chitunda, panaima abusa atatu. Anafunda mabulangete awo olemera aja, nsapato zajombo kumapazi, zipewa zaubweya zobisa nkhope yonse kusiya maso, ndodo m'manja, agalu pambali. Ankangoyang'ana. Ndikuidziwa ndakatulo imene ena mwa inu mwayamba kale kuilemba m'mutu: olemera akusewera, osauka akuonerera, mpanda pakati. M'bwalo lino ndakatulo yoteroyo timaikonda, ndipo imalembeka msanga. Muli choonadi ndithu. Kwa mbusa wa ku Maloti chipale si chosewerera: chikagwa chambiri chimakwirira msipu, chimapha nkhosa, chimatseka msewu wa ku Mokhotlong, ndipo zaka zina chimapha abusa amene. Mtengo wobwereka matabwa ndi kukwera chingwe tsiku limodzi si wa munthu woweta nkhosa za mwini.

Koma ndakatulo yanuyo ikadasowa pomuika mnyamata amene ndinacheza naye pa nkhomaliro. Anali Mosotho wa msinkhu wanga, wa kumudzi wa kunsi kwa Moteng, ndipo ntchito yake inali kuphunzitsa alendo kuima pa thabwa. Anati ali mwana ankaweta, ndipo chipale ankadana nacho monga ife timadanira ndi anankafumbwe. Anabwera kuno kudzatsuka mbale, n'kumabwereka thabwa madzulo alendo akapita. Masana amenewo ndinamuona akuuluka pa chiulu chachikulu kuposa onse a ku Johannesburg, ndipo amene anakuwa kwambiri anali abusa atatu aja, ndodo m'mwamba. Sankaonerera olemera ayi. Ankadikira wawo.

Ndinamufunsa kuti mawa kukacha achita chiyani. Anaseka. Anati ena mwa anzake amatsala kuti azithandiza alendo a njinga zam'mapiri m'chilimwe, ena amatsikira kumudzi kukadikira Juni. Kwa alendo usiku umenewo unali mapeto a tchuthi. Kwa ambiri owatumikira unali malipiro omaliza a nyengo. Komabe iye ndiye ankavina kuposa onse. Ndinamuuza kuti chinenero changa chilibe liwu la lehloa, ndipo anandiyang'ana mwachifundo, ngati ndamuuza kuti kwathu kulibe mchere.

Usiku tinagona m'minibasi, ine ndi a malume, titafunda zonse zimene tinali nazo. Anandisimbira za agogo, amene anakumba golide pa Wenela pamodzi ndi Abasotho, ndipo ankabwera kumudzi ndi nkhani za anthu okwera akavalo okhala m'mapiri a madzi ouma. Akumudzi ankati akunama, monga onse obwera ku Joni. Ulendo umenewo unaduka mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu obwerera kwawo, boma n'kuletsa kulemba anthu a kumigodi. Agogo Lesotho sanamuone; anangomumva m'makomboni.

M'mawa pa galasi panali pataundana mpweya wathu womwe, ndipo ndinaupala ndi chiphaso changa cha pakoleji. Potsika, a malume anandilozera timitsinje totuluka m'mapirimo. Madzi a m'dera limeneli amatsikira mu mtsinje wa Malibamatšo n'kukalowa m'damu la Katse, la khoma lotalika mamita 185, lomangidwa potsatira pangano la 1986 la Lesotho ndi South Africa. Kuchokera kumeneko amayenda m'ngalande zoboola pansi pa mapiri, n'kutulukira pafupi ndi Clarens, n'kukathira mu Vaal, kumene Johannesburg amatunga. Alendo athu 12 anali m'tulo kumbuyo, wa ng'ona uja mutu uli pa phewa la mnzake.

"Chipale chakocho chitipeza kunyumba," anatero a malume, akusintha giya pa Moteng. "Ukachapira malaya anga pa mpope."