Maginito Amadya Chiyani?

Mapiri a Great Dyke anandanda kudula dziko la Zimbabwe pakati, mtunda wa makilomita pafupifupi 550, ndipo chakumpoto kwake, ku Mutorashanga, anthu akhala akukumba chrome kwa zaka zambirimbiri. Chakuvuma, ku Bindura, kuli mgodi wa Trojan umene unatchuka ndi nickel. Kuzungulira migodi imeneyi, ku Banket, ku Raffingora ndi m'chigwa cha Mazowe, kunali mapulazi a fodya, chimanga ndi malalanje, kumene Chichewa chinkamveka m'makomboni ngati kuti munthu ali ku Dedza. Amene anachibweretsa ndi amuna a ku Nyasaland, ena oyenda pansi, ena otengedwa ndi Mthandizi, bungwe lolemba antchito limene linakhazikitsidwa ku Southern Rhodesia mu 1946.

Mmodzi wa amunawo, makaniko amene anakalambira pa pulazi ina kufupi ndi Banket, anatsutsana ndi mdzukulu wake wamkazi tchuthi chonse cha dzinja pa nkhani ya maginito. Mtsikanayo ankaphunzira fizikisi ku Bindura University of Science Education, ndipo banja lonse linkayang'anira kwa iye, pakuti pulazi inali itagawidwa kale m'chipwirikiti cha malo chimene chinayamba mu 2000. Ntchito inatha, mathirakitala anapita. Agogowo anangotsala ndi nyumba ya m'komboni, nyundo, mvukuto, ndi maginito ochotsa m'sipika ya wailesi amene ankatolera misomali m'phulusa.

"Akazi anga," anatero agogowo, monga mwa nthabwala ya gogo ndi mdzukulu, "maginitowa amadya chiyani? Injini imamwa dizilo, pampu imadya magetsi, ng'ombe udzu. Koma awa agwira msomali chaka chathunthu osapempha kanthu."

Mtsikanayo anayankha monga mwa buku. Anati m'chitsulo muli tinthu ting'onoting'ono totchedwa maelekitironi, kalikonse kamazungulira ngati nguli, ndipo kuzungulirako, kumene ophunzira amakutcha spin, ndiko kumakasandutsa kamaginito kakang'ono. Agogowo anapukusa mutu. Zaka makumi anayi akusintha mabelingi zinawaphunzitsa kuti chozungulira chilichonse chimatentha, chimaperepeseka, ndipo tsiku lina chimaima. Nguli imagwa mwana akaleka kuikwapula. Nanga kanguli ka m'chitsuloko akukakwapula ndani?

Pamenepa agogowo sanali okha, ngakhale iwo sankadziwa. Mu 1925, ku Leiden, anyamata awiri, George Uhlenbeck ndi Samuel Goudsmit, atalemba kuti elekitironi imazungulira, anakaonetsa maganizo awo kwa nkhalamba yolemekezeka, Hendrik Lorentz. Iye anawerengera masamu n'kupeza kuti kampira kakang'ono chotero kakanayenera kuzungulira mwaliwiro loposa la kuwala, chinthu chosatheka. Anyamatawo anafuna kubweza kalata yawo, koma mphunzitsi wawo, Paul Ehrenfest, anali ataitumiza kale kokasindikiza, nawauza kuti adakali ana, kupusa kumodzi sikungawaphe. Chodabwitsa n'chakuti onse analondola. Palibe kampira kamene kamazungulira, monga anaonera Lorentz. Komabe elekitironi ili ndi chimene zinthu zozungulira zimakhala nacho. Mu 1915 Albert Einstein ndi Wander de Haas anapachika kachitsulo pa ulusi, ndipo atatembenuza umaginito wake ndi magetsi, kachitsuloko kanapotoloka kokha popanda wokakhudza.

Mtsikanayo atabwerera ku mabuku ake usiku umenewo, m'mawa anavomera kuti nguli ija ndi fanizo lonyenga. Spin si ntchito imene elekitironi imagwira. Ndi chibadwa chake, chosachepa ndi chosakula, choncho palibe chimene chingathe kapena kuperepeseka. Ukaiyesa, kuchokera mbali iliyonse imene ungasankhe, imangoyankha pawiri, kumwamba kapena pansi, monga anaonera Otto Stern ndi Walther Gerlach ku Frankfurt mu 1922, pamene maatomu a siliva odutsa pakati pa maginito anagawika mizere iwiri yokha m'malo momwazika. Ndipo za kudya zija, anati, maginito ogwira msomali sagwira ntchito iliyonse, monga mtanda wa denga sutopa ndi udzu.

"Ndiye ukuti chimazungulira koma sichizungulira?"

"Inde, Agogo."

"Azunguwo anasowa mawu, tsono akusowetsa ndi iwe."

Apa m'pamene nkhalambayo inatulutsa chimene inkadziwa ndi manja. Inakoleza makala, n'kupopa mvukuto mpaka msomali unafiira psuu, kenaka n'kuuyandikiza ku maginito ndi mbaniro. Msomali sunasunthe. Utayamba kuda, unadumpha wokha n'kukamatirira. Osula zitsulo akhala akudziwa zimenezi kuyambira kale. Pierre Curie anazifufuza mwadongosolo mu 1895, ndipo lero timadziwa kuti chitsulo chimaleka kukokedwa chikafika madigiri 770, pamene nickel wa ku Bindura amalekera pa madigiri pafupifupi 355. Funso la agogowo linali lakuthwa: ngati spin ndi chibadwa chosatha, moto wachotsa chiyani?

Yankho lake ndilo mtima wa nkhani yonse, ndipo mabuku ambiri a sukulu amalidutsa mothamanga. Moto suchotsa spin. Chimene umaphwasula ndi mgwirizano. M'chitsulo chozizira, maelekitironi a maatomu oyandikana amaloza kumodzi, m'magulumagulu, ndipo maginito akafika magulu onse amatsata njira imodzi. Si kukokana kwa timaginito tating'ono tija kumene kumawandandika, pakuti mphamvu imeneyo ndi yochepa zedi, yosapirira ngakhale kuzizira kwa mwezi wa June. Werner Heisenberg anasonyeza mu 1928 kuti gwero lake ndi kukankhana kwa magetsi pamodzi ndi lamulo la Wolfgang Pauli, loti maelekitironi awiri oloza kumodzi sangakhale malo amodzi. Potalikirana chotero amakankhana pang'ono, ndipo m'zitsulo zina, monga chitsulo wamba, nickel ndi cobalt, kuloza kumodzi kumakhala kopepukirapo.

Umboni wake unali m'mapiri ooneka ali pakhonde. Atomu ya chrome ikakhala payokha ili ndi maelekitironi opanda mnzake 6, ya chitsulo 4, ya nickel 2 okha. Munthu akadayembekeza kuti chrome ndiye mfumu ya maginito, koma maginito a m'sipika samusamala n'komwe. Mwa chrome, atomu ikaloza kumwamba yoyandikana nayo imaloza pansi, ndipo zonse zimafafanizana. Akatentha kupitirira madigiri 38, pamwamba pang'ono pa kutentha kwa thupi la munthu, ngakhale dongosolo lotsutsanalo limabalalika.

Mtsikanayo, pokhala wa m'badwo wokonda mafanizo, anati anthu a m'makomboni anali ngati msomali uja: moto wa 2000 unawabalalitsa, ena ku Epworth, ena kokumba golide m'mphepete mwa Mazowe, ena ku Joni, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri obadwira momwemo akutchedwa alendo. Agogowo anakana fanizolo monga anakanira nguli. Msomali ukazizira, anati, maatomu ake onse alipo, palibe amene wakwera basi. Dambwe la pa pulazipo linalibenso anthu okwanira kutulutsa Gule pamaliro, ndipo kuzizira kwamtundu uliwonse sikukanawabweza. Zoonadi, Malamulo Aakulu a 2013 anabwezera unzika kwa ambiri obadwira m'dzikomo a makolo ochokera m'mayiko oyandikana nawo, koma makomboni sanadzazenso.

Masiku otsala a tchuthi anathera pa kusaka dzina lachichewa la spin. Kuzungulira anakukana. Chizungulire ndi matenda. Mtsikanayo anatchula chibadwa, agogowo nati mawuwo ndi otambalala ngati dambo, chilichonse chikhoza kugonamo. Iwo anakonda kupendekera, popeza chinthucho chimangodziwika ndi kumene chaloza, koma mdzukuluyo anawakumbutsa za kachitsulo ka Einstein kopotoloka pa ulusi, kamene kupendekera sikungakafotokoze. Sanamvane. Pobwerera ku Bindura mtsikanayo anatenga msomali uja m'chikwama, ndipo pa mayeso analemba spin, m'Chingerezi, monga mayeso ankafunira.