Masiku khumi ndi awiri tisanawauze Bambo

Foni inalira Lachinayi, Swala ya Asr itangotha. Minibasi yomwe Bambo anakwera kuchokera ku Mangochi inaphulika tayala pafupi ndi Ulongwe n'kugubuduzika. Ife ana awo anayi tinakakumana usiku womwewo pakhonde la chipatala, mng'ono wathu atavala nsapato zosiyana osadziwa. M'mawa mwake anawatumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre, fupa la ntchafu ndi nthiti zitatu zitathyoka.

Pampando umodzi ndi iwo panakhala mnzawo wa paubwana, muazini wa mzikiti wa kumudzi kwathu. Iwowa anamwalira pomwepo, ndipo anaikidwa Lachisanu, Bambo ali mu ambulansi.

Ntchito tinagawana msanga. Achemwali anakhala gadiyani, kuphika phala pambaula ndi kugona pamkeka. Kunena zoona, katundu wolemera anasenza ndi iwowo. Achimwene ankathamangira ndalama. Ife aamuna tinkasinthana kuwasambitsa Bambo ndi kuwachotsera chotengera mkodzo, iwo atatembenukira kukhoma ndi manyazi. Mwendo unali womangidwa ku cholemetsa cholendewera kumapazi a bedi, choncho kupanga udhu kunali kosatheka. Tinawabweretsera mwala wosalala woti azipangira tayammamu, kumenyapo manja n'kupaka kunkhope ndi m'manja. Bedi silinayang'ane ku Qibla, ndipo zinkawadetsa nkhawa. Tinawakumbutsa zomwe Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale kwa iye) analamula Swahaba wake wodwala, Imran ibn Husayn, zoti wolephera kuima aswali chokhala, wolephera kukhala aswali chogona. Anamwetulira. "Fizi ya ku madrasa ija sinapite pachabe," anatero.

Chimene madrasa sinatikonzekeretse ndi funso la tsiku lachitatu. "Nanga anzanga aja ali wodi iti?"

Tinayang'anana. Magazi awo anali atathamanga kwambiri, ndipo tinali titagwirizana kale kuti tidikire. Achemwali anati, "Bambo, iwowo sanabwere nawo kuno ku Blantyre." Mawuwo sanali bodza. Tsiku lina tinati, "Ali kumudzi." Nawonso sanali bodza, poti manda ali kumudzi komweko. Koma inu ophunzira mukutidziwa: ndife amene timaima pamaso panu n'kumati amene wanena mawu oona ndi cholinga choti mnzake akhulupirire zabodza adzifunse bwino mumtima. Usiku, pabenchi ya panja, tinkakangana motsitsa mawu. Achimwene ankati moyo wa wodwala ndiye woyamba. Mng'ono wathu ankati tikuwalanda Bambo mwayi womupangira duwa mnzawo. Mpaka lero sitinagwirizane kuti ankalondola ndani. Ngakhale a komiti ya mzikiti atabwera ndi thumba la mpunga ndi ndalama zomwe anthu anasonkha pa Ijumaa, tinawatsekereza pakhomo la wodi n'kuwapempha kuti asatchule za maliro. Akuluakulu a ndevu zoyera anakhala pambali pa bedi n'kumakamba za mvula.

Tsiku la khumi ndi chiwiri, opaleshoni itayenda bwino, tinasonkhana tonse, Amayi ali pomwepo. Achimwene anayamba ndi mawu ozungulira, koma Bambo anakweza dzanja.

"Ana inu, ndinadziwa kale. Munthu uja akanakhala moyo akanatumiza mawu, ngakhale ongondiseka kuti ndagona ngati khanda. Tsiku lomwe a komiti anabwera ndinafunsa amene akupanga azana, onse anayang'ana pansi."

"Nanga bwanji simunanene, Bambo?"

"Ndinaona kuti mukuvutika kundisunga. Ndinati ndisakuonjezereni."

Duwa anali akumupangira mnzawoyo usiku uliwonse, ife titatuluka. Apa m'pamene analira poyera, nthiti zikuwabaya, Amayi atawagwira phewa. Atapuma anafunsa za mayi wamasiye uja, amene anali mu edda ya miyezi inayi ndi masiku khumi, kuti akudya chiyani. Analamula kuti mpunga wa komiti uja ugawidwe pakati, theka lipite kumeneko mawa lomwe.

Anatuluka m'chipatala patatha milungu isanu ndi iwiri. Galimoto itafika kumudzi anakana kulowa m'nyumba. Tinawagwiriza uku ndi uku, ndodo zikumira mumchenga, mpaka kumanda. Mwala uja anabwera nawo, uli pawindo la kuchipinda kwawo.